Mboni Yanga Inali Nkhuku

Tsamiritsani makasuwo pamtengopo, ana inu. Iwe Lameki, imika wilibalayo, ikundilirira m'makutu. Tamala, chikombole cha njerwacho chikhalire, kuli bwino chikhale mpando kusiyana ndi ntchito mwachitengerayo. Musandiyang'ane ngati mwaona mzukwa masana. Inde, ndakwera ndekha pachulu pano, ndi mawondo omwewa amene mumati anatha ntchito, ndipo sinditsika msanga.

Ndamva zonse. Mumayesa makutu anga anafa chifukwa akandiitana kokapalira sindiyankha? Mukufuna kugumula chuluchi, muumbe njerwa, mumange tizipinda m'mbali mwa msewu toti muzigonekamo alendo opita ku Lukusuzi kukaona nyama. Mwati dothi la pachulu limatulutsa njerwa zolimba. Sindikutsutsa. Mwatinso malo ano ndi a amayi anu, si anga. Zimenezonso n'zoona, ndipo si inu oyamba kundiuza. Koma musanaponye khasu, khalani pansi ndikuuzeni za alendo amenewa, pakuti ine ndinawaonapo, ndipo chithunzi changa ali nacho kwawoko.

Kuno ndinabwera wapansi kuchokera ku Kasungu, ndili mnyamata wa ndevu zowerengeka. Zoti minibasi kunalibe. Unkamanga bulangete pamsana, chimanga chokazinga m'thumba, kampeni m'chiuno, basi ulendo wapsa. Inu mukapita pachigayo pomwepa mumafuna njinga yamoto, ndipo mukabwerako mumati msana. Ndinadzera ntchito ya fodya, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, manja akuda bii ndi phula lake, moti ukagwira chakudya chimawawa. Agogo anu aakazi, Naphiri, ndinawapeza akugulitsa zitumbuwa kwa ife antchito. Ndinati, "Bwera nazo kuno." Iwo anaseka mpaka kutsala pang'ono kutaya lichero. "Imvani wa ku Malawi! Kuno timati bwela. Lilime lanu likunjenjemela chifukwa chiyani, muli ndi malungo?" Mkazi woyamba kukuseka usanamufunsire n'komwe, ana inu, thawani. Ine sindinathawe.

Ndiye ndinalowa chikamwini m'mudzi muno. Iwe Lameki, mvetsera bwino, chifukwa ndikuona maso ako ayamba kale kuloza kumidzi ya eni. Mkamwini chake n'chiyani? Nyumba umanga ndiwe, koma ndi ya mkazi. Munda ulima ndiwe, ndi wa apongozi. Ana ubereka ndiwe, ndi a malume awo. Chako chenicheni ndi thukuta, ndi chifuwa ukachitola m'chigafa. Ndipo apongozi a masiku amenewo sanali oti n'kuwayang'ana kumaso. Mukakumana panjira wina ankalowa patchire, ngakhale pali chitedze. Lero ndimaona mkamwini atakweza apongozi ake panjinga yamoto, iwo atamugwira m'chiuno zolimba, uku akumuuza kuti achepetse liwiro. Ndimangotseka maso.

Tsiku lina m'mawa ndili pakhonde ndikusema mpini, ndinamva apongozi anga afika kuseri kwa nkhokwe. Sanandipatse moni, sakanatha. Anayamba kumwaza madeya, nkuyankhula ndi nkhuku yawo yathadzi, yamawangamawanga.

"Iwe nkhuku," anatero mokweza, "ukawauze alendo a ku Kasunguwo kuti chulu chija cha kumtsinje ndawapatsa. Ana anga aamuna amaopa agang'a ngati mikango. Uwauzenso kuti akamavindikila asamatseke mbali zonse. Kum'mawa azisiya, zina zizithawa. Akadya zonse chaka chino, chaka chamawa adzadya chiyani?"

Ine ndinagwada pomwepo, nkuwomba m'manja, maso ali pankhuku. "Iwe nkhuku, ukanene kuti ndathokoza kwambiri." Nkhukuyo inangopitiriza kujompha madeya ake. Umo ndi mmene ndinapezera chuma changa choyamba ndi chomaliza m'dziko la Zambia.

Mukuseka. Inu mukaona chulu mumaona dothi. Chija chinali chachikulu kuposa nyumba ya amayi anu, pamwamba pake pali mtengo wa bwemba, ndipo chinkabereka ngumbi, zimene kuno mumati inswa, zonona zoti ukazigwira dzanja limanyezimira. Koma sizinkangobwera. Mvula yoyamba ikagwa unkapita kukalambula, kuzika timitengo mozungulira, kutipinda, kufolera ndi udzu ndi masamba a nthochi mpaka m'kati mude. Kumunsi unkakumba dzenje, kuikamo mphika wosalala m'kati, nkusiya kampata kamodzi kolowera kuwala pamwamba pa mphikawo. Ngumbi ndi yopusa pa chinthu chimodzi: ikaona powala imathamangira pomwepo osayang'ana pansi. Ndinadzazindikira mochedwa kuti anthu enanso ali chomwecho, koma tifikako.

Ukatero umadikira kuti chulu chitsegule maso. Ndi timabowo timene chiswe chimaboola chikakonzeka kutulutsa ana ake. Ukationa timeneto, mvula nkugwa masana nkukata dzuwa litapendeka, usapite kumowa tsiku limenelo. Agang'a, asilikali aja a mitu yofiira, amatuluka kudzalondera, ndipo akakuluma sasiya, umachotsa thupi mutu nkutsalira pakhungu. Onani zala izi. Zipserazi si za fodya ayi.

Agogo anu ankazikazinga paphale, opanda dontho la mafuta, zimadzikazinga zokha. Akapeta mapiko palichero, kuthira kamchere, kuyanika padzuwa, fungo lake linkafika mpaka kuchitsime. Miyezi ya njala, pamene anzathu ankadya masamba a maungu m'mawa ndi madzulo mpaka nkhope kubiriwira, kwathu ana ankanyambita zala. Amayi anu anakulira zimenezo, n'chifukwa chake mpaka lero amanyamula thumba la chimanga osapempha mwamuna. Inu mwakulira nyama ya soya ija yosadziwika kuti inali ndi miyendo ingati.

Nthawi ya ngumbi ndi yokhayo imene mkamwini ndinkasanduka munthu. Mlamu wanga Yotamu, mchimwene wa agogo anu, mwini mbumba, yemwe uja amavala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, miyezi ina yonse ankandiitana kuti "uyu wa ku Kasungu". Koma chulu chikatsegula maso ndinkasanduka aMwale. Ankafika chamadzulo, dzanja limodzi litapanikiza jekete pachifuwa. "Mulamu, ndabwela chabe kuona ana." Akawerama kuti akhale pansi, mbale inkagwa m'jeketemo, ngwee! Agogo anu ankangoitola nkuidzaza. Yotamu akachoka ndiye ankagubuduka ndi phwete.

Mawu a nkhuku aja sindinawaphwanye. Chaka chilichonse mbali ya kum'mawa, yoyang'ana kumudzi kuno, ndinkaisiya yosafolera. Zinkatuluka kumeneko gulu, kuuluka pamwamba pa minda, mbalame nkumachita phwando. Yotamu ankati ndikutaya ndiwo. Ine ndinkati kafunseni nkhuku.

Agogo anu atamwalira, ana inu, dziko linandikulira. Sindikufuna kukhalitsa pamenepa. Tinakhala limodzi zaka zochuluka, ndipo tsiku lililonse ankandiseka ndi lilime langali. Chiyambire pamenepo palibe amene amandiseka bwino ngati iwo, inu mumayesa koma mulibe luso. Titameta, mwambo unali woti mkamwini amumasule abwerere kwawo. Kwathu kuti? Makolo anga anali atapita kale, pamene panali nyumba yathu panali munda wa munthu wina. Ngumbi ikatera nkuthothola mapiko sibwereranso kuchulu kumene inachokera, ndipo ine mapiko anga ndinathothola pano. Yotamu anasonkhanitsa abale, nkukonza pakhosi. "Mulamu, mwambo muudziwa." Koma unali mwezi wotentha, mitambo itayamba kusonkhana. Mkazi wake anamugunda ndi chigongono. Iye anakhosomola. "Komabe palibe changu. Inswa ziyambe zapita." Ngumbi zitapita panali khasu, kenako kukolola, kenako kunatenthanso, mitambo nkusonkhananso. Chaka ndi chaka nkhani yondimasula inkadikira kuti inswa ziyambe zapita. Musadzanamizidwe kuti anandisunga chifukwa cha chikondi. Chinandisunga m'mudzi muno ndi chulu.

Tsono kunabwera munthu wa ku tauni pagalimoto la matayala aatali. Bambo wamkulu ndithu, wamimba yake, koma atavala kabudula ngati mwana wasukulu, kumutu chipewa chachikulu chonga lichero. Dzina lake lenileni silinakhalitse, tonse tinkangoti aChipewa. Anatsika nkukweza manja, "Monile mose!" Anali ataphunzira moni umodzi panjira, ndipo ankaupereka kwa aliyense, ndi agalu omwe. Tinayankha kuti yewo, nkumuyalira mphasa. Inu munali ku sukulu ku boma nthawi imeneyo, munangomva mbiri yokoma.

Anayendayenda ndi Yotamu mpaka kumtsinje, ine ndikutsatira patali. Atafika pachulu changa anakwera, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, nkuima pansi pa bwemba uja manja m'chiuno.

"Ba mudala, apa ni golide!" anandiuza. "Azungu akachoka ku Lukusuzi azafuna pogona, azafuna kuona mudzi wa zoona. Pansi apo tizamanga loji. Pamwamba pano tizaika mipando, azinkhala, azimwa, uku aona zuba ingena."

Ndinafunsa kawiri kuti ndimve bwino. Dzuwa? Lomweli limene latisenda misana chibadwire? Anthu akwere ndege, awoloke nyanja, adzakhale pachulu changa kuti aone dzuwa likulowa? Kwawoko limalowa mobisala? AChipewa anaseka, nkundisisita paphewa ngati mwana, amvekere mudala uyu ni wa nthabwala, azungu azamukonda.

Mudzi unapenga, ana inu. Amuna amene sanasemepo ngakhale mthiko anayamba kusema akadyansonga, nyama imene sanaionepo, zinkatuluka ngati agalu odwala khosi. Amayi anauzidwa kuti alendo akafika abise zidebe zapulasitiki, atunge madzi m'mitsuko, ndipo m'mudzi monse munapezeka mitsuko iwiri, wina wobooka. Anyamata anachotsa timasola tawo pamadenga. Yotamu analonjezedwa udindo woyang'anira za chikhalidwe, iye amene pagule ankavina ngati akupondaponda dothi la njerwa. Ankayenda khomo ndi khomo akunena kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kanalidi kakuthwa, kanatimeta tonse.

Abale anakumana pansi pa mango kwa Yotamu kuti apereke malo a kumtsinje. Mkamwini sayankhula pamsonkhano wa eni mbumba, koma tsiku limenelo ndinaimirira. Ndinati malowo perekani, ndi anu, koma chulu n'changa.

"Anakupatsani ndani, mulamu?" anafunsa Yotamu mofatsa, ngati sakudziwa.

"Amayi anu."

"Amayi anagona kale. Pamene ankakupatsani, analipo ndani?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Bodza sindinaliphunzire bwino. Ndinati, "Nkhuku."

Anthu anagwa nacho chiseko. Wina mpaka anatsamwa. Yotamu anadikira kuti phokoso lithe, nkufunsa akupukuta misozi, "Nanga mboni yanuyo ili kuti, tiifunse?"

"Munaidya ndinu pa Khirisimasi. Munatenga ntchafu zonse ziwiri."

Anasekanso, ndipo nkhani inathera pomwepo. Onse amene anakhala pamenepo anadyapo ngumbi zanga. Onse, polozera munthu njira, ankati ukafika pachulu cha aMwale ukhotere kumanzere. Koma tsiku limenelo aliyense anadwala matenda oiwala. Amayi anu okha ndi amene anaimirira, misozi ili m'maso, nkunena kuti aliyense akudziwa kuti chulu n'cha atate. Anawauza kuti akhale pansi, za malo ndi za akuluakulu. Ndinakwiya, ana inu, ndipo mkwiyo umenewo sunathe, ndimangougoneka.

AChipewa anati loji ya mitengo ndi udzu singakhale pafupi ndi chiswe chamoyo. Anabwera ndi anyamata ndi mapiki, nkukumba m'mbali mwa chulu, akuthira mankhwala onunkha m'mabowo. Anakumba mpaka anapeza kanyumba kadothi kolimba m'katikati, nkukaswa. Munali manthu, mayi wa chiswe chonsecho, woyera, wonenepa ngati mbatata yaikulu, akugunda pang'onopang'ono. Zaka zonsezo ankandidyetsa, ankandisunga m'mudzi, koma ndinali ndisanamuonepo. Ndinamuona tsiku limenelo ali pafosholo. Mnyamata wina anamuponyera nkhuku za Yotamu, zinalimbirana mpaka kutha. Pamaliro a agogo anu ndinadzigwira chifukwa cha anthu. Apa ndinalephera, ndinalira poyera ngati mwana, anyamata aja nkumanong'onezana kuti mudala walira chiswe.

Anathira simenti, kupanga masitepe mpaka pamwamba, kuika mipando ya nsungwi. Anazunguliza waya malo onse, ndi njira ya kumtsinje yomwe, moti amayi anayamba kuzungulira kutali ndi mitsuko yawo iwiri ija. Kenako tinakhala pansi kudikira alendo.

Tinadikira. Dzinja msewu unali phala, galimoto silikanadutsa. Chilimwe kunabwera awiri panjinga zamoto, ofiira ngati nyama yowamba, anali ndi tenti yawoyawo, anangopempha madzi nkupita. Yotamu anawathamangira atavala chikopa cha mbuzi pamwamba pa kabudula, wotchi ili pamkono, koma anangopeza fumbi. Akadyansonga aja ana anayamba kuseweretsa, ena tinasonkhera moto. Dzuwa lokha ndi limene linasunga pangano, linkalowa tsiku lililonse popanda woliona.

Ndiye tsiku lina m'mwezi wa Juni, mphepo ikuluma, aChipewa anafika pakhomo panga chipewa chili m'manja. Aka kanali koyamba kuona kuti ali ndi dazi.

"Ba mudala, thandizeni. Kwabwela gulu, ndipo amvela kuti kuno mumadya inswa. Afuna kuona mmene mumagwilila. Mailo chabe."

Ndinati, "Bwana, uno ndi Juni. Ngakhale wamisala sadikira ngumbi mu Juni. Komanso chulu munapha."

"Izo siyilani ine. Imwe mungochita monga mumachitila."

Mukudabwa kuti ndinavomera? Nanenso ndinadzidabwa. Koma chiikireni waya uja ndinali ndisanapondeko, ndipo ndinkachifuna chulu changa ngati mmene umafunira kuona manda a mbale wako. Mailo akewo, kunena kuti mawa lake, ndinapita m'mawa ndi timitengo ndi udzu. Manja anagwira ntchito okha, kuzika, kupinda, kufolera m'mbali mwa masitepe a simenti. Ndinapezeka ndasiya mbali ya kum'mawa yosafolera, pachulu chakufa, choti simungatuluke ngakhale nyerere. Dothi linali gwa, lozizira, lopanda fungo lija. AChipewa anabwera ndi jumbo la ngumbi zouma zimene anagula kwa amalonda a ku Kasungu pamsika wa ku Lundazi, za chaka chatha, nkukhuthulira mumphika wanga, nkuvindikira.

Masana alendo anatsika pamipando yawo, amuna ndi akazi, onse m'makabudula, atadzola zoyera pamphuno. Yotamu anayamba kuimba ng'oma. Chibadwire sindinaonepo ngumbi zoimbiridwa ng'oma, koma woyang'anira za chikhalidwe anali iye. Ndinagwada, kuika khutu pansi ngati ndikumvetsera, kudikira pang'ono, kenako nkuvuula mphika. Anawomba m'manja! Mayi wina wa tsitsi loyera anatolako imodzi, kutseka maso, kutafuna, nkutsegula maso mokondwa. Anayankhula ndi aChipewa.

"Afunsa ati, zimachoka pansi zili na mchele kale?" anatero aChipewa, akunditsinzinira diso.

Ndinati, "Auzeni kuti inde. Chulu ichi n'chophunzira. Chichithirireni simenti zimatuluka zokazingakazinga, zopetapeta, ndipo zimabwera pa minibasi."

Zimene anamasulira sindikudziwa, zinali zazifupi. Mayiyo anagwedeza mutu mwaulemu nkundijambula. Kenako bambo wina wamagalasi anafunsanso kanthu, ndipo aChipewa anayankha mokweza, nkubwereza m'chinyanja kuti nane ndimve kukoma kwake. "Afunsa kuti chulu ni cha ndani. Nawauza kuti ni cha ba mudala aba, anapatsiwa na makolo, ndipo palibe wina angagwilepo. Ni mwambo wathu." Ndinatembenuka kuyang'ana Yotamu. Anali akugwedeza mutu mwamphamvu, ng'oma ili pakati pa miyendo. "Zoona," anatero. "Ni cha aMwale ichi. Mudzi wonse udziwa."

Mwamva, ana inu? Mboni inapezeka. Inadikira kuti chulu chife, achithire simenti, kubwere anthu a zoyera pamphuno, ndiye inakumbukira. Ndinanyamula mphika wanga, kukhuthulira ngumbi za eni pamasitepe, nkubwera kunyumba. Kwinakwake kutsidya la nyanja kuli chithunzi cha nkhalamba ikumwetulira itanyamula mphika, ndipo amene amachiona amati taonani anthu osauka koma okondwa.

Gulu limenelo linali lalikulu loyamba ndi lotsiriza. AChipewa anazimiririka ngati mame. Tinangomva kuti malowo anagulitsa kwa munthu wina wa ku Lusaka amene mpaka lero palibe anamuonapo nkhope, ndipo ndikukayika ngati iye anawaonapo malowo. Udzu wa loji unawola, mipando inatha, koma waya uja ulipo, ndi mlonda wake. Mbuzi za Yotamu zitalowamo chaka chatha, mlonda anazimangirira, mwini mbumba nkukagwada kupepesa pamalo pamene anabadwira. Amayi anu akuzungulirabe popita kumtsinje. Inu mukamadutsa pamsewu mumaona masitepe aja nkumati pamenepa panali chitukuko, chinangosowa ochiyendetsa bwino.

Tsono ichi ndakhalirachi. Chinayamba ngati kachotupa kuseri kwa khitchini ya agogo anu, iwo akadali moyo. Anatenga khasu kuti asalaze, poopa kuti chiswe chidya denga. Ataima pamenepo anayang'ana kumtsinje, nkuyang'ananso pansi, nkubweza khasu. Anati, "Asiyeni. Ndi ana a chija, athawila kum'mawa. Abwela chikamwini ngati inu." Khitchini inagwadi, iwo anapita, chachikulu chija chinaphedwa, koma aka kanakula mwakachetechete, chaka ndi chaka, osabereka kanthu. Ndakhala ndikukayendera m'mawa uliwonse ngati wodwala. Yotamu naye wakhala akukayang'ana cham'mbali. Dzana anadutsa pano, dzanja lili pachifuwa, ati wabwela chabe kuona ana.

Sindikuletsani kumanga tizipinda tanu. Mwina msewu adzaukonza, mwina alendo adzabwera, mwina dzuwa la kwawo lidzaleka kulowa. Dothi la njerwa lili kudambo, pitani mukaponde ndi miyendo ngati anzanu. Koma kukuletsani pano sindingathe. Malo ndi a amayi anu, mawa ndi anu. Ine ndine uja wa ku Kasungu, ndilibe munda, ndilibe manda a makolo kuno kupatula a mkazi wanga, ndipo ichi palibe anandipatsa, ngakhale nkhuku. Chinangonditsata. Mukachigumula sindikasuma kulikonse. Ndidzangokhala pakhonde ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika, ndipo ndikuuzani osabisa, zimenezo ndikuziopa kuposa imfa.

Tamala, mkazi wanga wamng'ono, maso ako ndi akuthwa. Dzuka pachikombolepo, bwera uone apa pafupi ndi phazi langa. Ayi, usagwire, akuluma. Waona timabowo ito, tonyowa m'mphepete? Dzulo panalibe. Chatsegula maso, koyamba chibadwire chake, tsiku lomwe inu mwabwera ndi makasu. Tayang'anani mtambo uwo uko kumadzulo, ndipo imvani mmene kwatenthera.

Lameki, ukung'ung'udza chiyani? Khasu lakolo sunalinyamule pachabe. Ngati wasankha kugumula, yambira pano pamene ndakhala ine. Ngati ayi, zungulira kumunsi uko, ukumbe dzenje lofika m'chigongono. Eya, kumeneko. Pang'onopang'ono, si manda. Tamala, thamanga, mphika uli pansi pa bedi langa, ubwerenso ndi chikwakwa timwete udzu. Uitane amayi ako, uitane ndi aYotamu, uwauze kuti mbale asaibise, abwere nayo poyera. Ndikufuna onse aimirire apa amve ndikunena kuti ndikadzapita chulu ichi n'cha inu awiri, ndipo mbali ya kum'mawa muzidzaisiya yosafolera.

Ndipo ingitsani nkhuku iyo ichoke apa. Ulendo uno ndikufuna mboni zosadyedwa.